Nyimbo yopanda woifunsa: momwe kwateti ya Florence Price inachokera papepala kufika pachimbale

Pa 1 January 1894, mumzinda wa Boston ku America, amuna anayi a gulu la Kneisel Quartet anaimba koyamba pagulu nyimbo yatsopano ya Antonín Dvořák. Inali isanakwanitse miyezi 7 chiipekereni. Dvořák anailemba mu June 1893 ali patchuthi ku Spillville, kamudzi ka m'chigawo cha Iowa komwe kunkakhala anthu akwawo ochokera ku Bohemia, ndipo chaka cha 1894 chisanathe, kampani ya Simrock ya ku Berlin inali itaisindikiza kale. Kuyambira pamenepo nyimboyo, yomwe anthu amangoitchula kuti "American", sinagonepo tulo. Aphunzitsi akhala akuisiyira ophunzira awo, ophunzirawo n'kusiyiranso awo, moti lero gulu lililonse lofuna kuiphunzira limayamba likudziwa kale pothamanga, popumira ndi pomwe anzawo ambiri amapunthwa.

Patatha zaka 42, mu 1935, mayi wina wa ku Chicago analemba kwateti yake ya zoimbira zomwezo: mavayolini awiri, viyola ndi chelo. Dzina lake anali Florence Price, ndipo sanali wongoyamba kumene, pakuti zaka ziwiri m'mbuyomo gulu lalikulu la Chicago Symphony Orchestra linali litaimba symphony yake yoyamba. Koma kwatetiyi, ya m'kiyi ya A minor, yomwe lero imadziwika kuti yachiwiri, palibe kampani yomwe inaisindikiza iye ali moyo. Anamwalira pa 3 June 1953 nyimboyo ikadali m'zolemba za dzanja lake, ndipo inakhala choncho kwa zaka zina zoposa 60.

Nkhani ya momwe mapepala a Price anapezekera ndi yokoma kufotokoza, n'chifukwa chake yafala kwambiri. Koma kutola pepala sikumva nyimbo. Pakati pa mulu wa mapepala achinyezi ndi chimbale chomwe munthu amamvera pafoni pali ntchito ya miyezi yambiri yomwe sikambidwakambidwa, ndipo ntchitoyo ndi yodzaza ndi zigamulo zomwe mwini nyimbo sangathenso kuzivomera kapena kuzikana.

Nyumba ya ku St. Anne

Mu 2009 banja lina linkafuna kukonza nyumba yosiyidwa pafupi ndi katauni ka St. Anne m'chigawo cha Illinois, mtunda wa makilomita oposa 100 kummwera kwa Chicago. Denga linali lobooka, anthu oononga anali atalowamo kale, koma m'mbali ina yomwe mvula sinafike kwenikweni munali milu ya mabuku, makalata ndi manoti a nyimbo olembedwa pamanja. Dzina limodzi linkabwerezeka pamapepalawo. Nyumbayo inali yomwe Price ankakapumulirako nyengo yotentha. Mwa zomwe zinapezekamo munali ma concerto ake awiri a vayolini ndi symphony yachinayi, ndipo mapepalawo anakathera ku laibulale ya University of Arkansas mumzinda wa Fayetteville, komwe ofufuza amakawaona mpaka lero.

Arkansas ndiko kunali kwawo kwa Price. Anabadwira ku Little Rock pa 9 April 1887, bambo ake ali dokotala wa mano, mayi ake ali mphunzitsi wa nyimbo. Anakaphunzira ku New England Conservatory ku Boston, komwe mmodzi mwa omuphunzitsa kupeka anali George Whitefield Chadwick, n'kumaliza mu 1906. Anaphunzitsako ku Atlanta, anakwatiwa mu 1912, n'kubwerera kwawo. Chomwe chinamuchotsa ku Little Rock si nyimbo ayi. Mu 1927 gulu la azungu linapha mwankhanza munthu wakuda dzina lake John Carter, n'kukoka mtembo wake m'misewu ya mzindawo, ndipo chaka chomwecho banja la Price linasamukira ku Chicago. Kumeneko ukwati unatha mu 1931, mayiyu n'kutsala ndi ana aakazi awiri, akudya za kuphunzitsa piyano ndi kuimba limba m'nyumba zoonetseramo mafilimu opanda mawu.

Mu 1932 symphony yake ya m'kiyi ya E minor inapambana mpikisano wa Wanamaker, mphoto yake madola 500, ndipo pa 15 June 1933 Frederick Stock anatsogolera Chicago Symphony Orchestra kuiimba. Kanali koyamba kuti gulu lalikulu lotere ku America liimbe symphony ya mayi wachikuda. Pa Isitala ya 1939, Marian Anderson ataimba pamaso pa khamu ku Lincoln Memorial mumzinda wa Washington, anatsekera ndi nyimbo yauzimu yomwe Price anaikonza. Zonsezi zinachitika, komabe zitseko zambiri sizinatseguke. Mu 1943 Price analembera Serge Koussevitzky, wotsogolera Boston Symphony Orchestra, n'kumuuza poyera kuti akudziwa zinthu ziwiri zomwe zimamutsekereza, kukhala mkazi ndi kukhala wakuda, koma akungopempha kuti nyimbo zake ziweruzidwe pa ubwino wake basi. Koussevitzky sanaimbepo nyimbo yake ngakhale imodzi.

Pempho limenelo ndi lofunika kulikumbukira, chifukwa likukhudza aliyense amene amanyamula uta lero kuti aimbe nyimbo za mayiyu.

Zomwe pepala silinena

Woimba wa kwateti saona nyimbo yonse pamene akuimba. Aliyense ali ndi pepala lake lomwe lili ndi mzere wake wokha, ndipo buku lomwe lili ndi mizere yonse inayi pamodzi limakhala pambali, loti aziyang'anamo pakabuka mkangano. Nyimbo yomwe sinasindikizidwepo ilibe mapepala otere okonzeka. Wina ayenera kukhala pansi ndi zolemba za mwini wake, kulowetsa noti iliyonse m'kompyuta, n'kugamula pena paliponse pomwe inki yafufutika kapena pomwe dzanja linathamanga. Nyimbo zambiri za Price zinayamba kutuluka m'mabuku kampani ya G. Schirmer itatenga udindo wozifalitsa mu 2018, ndipo katswiri wa mbiri ya nyimbo John Michael Cooper anakonza zambiri mwa izo.

Vuto lake ndi lakuti wopeka nyimbo akamalemba pamanja amadumpha zinthu zomwe kwa iye n'zodziwikiratu. Amaika chizindikiro cha shapu pa noti ya vayolini yoyamba n'kuiwala kuchiika pa noti yomweyo kwa viyola. Amalemba kuti apa muimbe motsitsa pamzere umodzi, mizere inayo n'kuisiya yopanda kanthu. Chiganizo cha nyimbo chikabweranso kachiwiri, nthawi zina amachilemba mosiyanako pang'ono. Nanga pamenepo anaiwala, kapena anachita dala? Nyimbo ikaimbidwa mwini wake ali m'chipindamo, mafunso otere amatha m'mphindi imodzi: woimba amakweza uta n'kufunsa, wopekayo n'kuyankha, pensulo n'kugwira ntchito yake. Kenako kampani ikamasindikiza, wopekayo amawerenganso mapepala oyeserera n'kukonza zolakwika. Nyimbo yomwe yadumpha njira yonseyi imafika kwa oimba ili ndi timabala tomwe palibe anatipoletsa.

Kwa Price funsoli ndi lovuta kuposa kwa ena, pachifukwa chomwe chili m'kati mwa nyimbo zakezo. Iye anaphunzira malamulo a kupeka a ku Ulaya mpaka kuwadziwa bwino, koma khutu lake linakulira m'nyimbo zauzimu za anthu akuda ndi mu blues, momwe noti ina imatsitsidwa dala pang'ono kuti ipweteke mtima. Choncho noti yomwe kwa mkonzi wozolowera Brahms ikuoneka yolakwika ikhoza kukhala mtima weniweni wa chiganizocho. Mkonzi wofulumira kukonza angathe kuichapa nyimboyo mpaka kuisandutsa ya munthu wina. Wamantha nayenso angasiye cholakwika chenicheni cha cholembera, oimba n'kumachiimba mwaulemu zaka makumi, akuganiza kuti ndi luso. Ine ndimaona kuti mkonzi wabwino ndi amene amalemba poyera kuti apa ndasintha ndine, ndipo pa zolemba za mwini wake panali chakuti. Akatero ndiye kuti wasiyira oimba mpata womutsutsa.

Anthu anayi opanda wowaimiritsira dzanja

Kwateti ilibe wotsogolera woima kutsogolo ndi kamtengo. Anthu anayi amakhala mozungulira pang'ono, akuonana nkhope, ndipo chizindikiro choyambira chimakhala mpweya womwe mmodzi wakoka kapena kugwedezeka kwa mutu wa vayolini. Kale woimba vayolini yoyamba ndiye ankalamula, moti magulu ambiri ankatchedwa ndi dzina lake, monga la Kneisel lija. Magulu ambiri a masiku ano amagamula zinthu mokambirana, zomwe zikutanthauza kuti mabala asanu ndi atatu a nyimbo angathe kudya ola lathunthu.

Tsiku loyamba amangoiwerenga nyimbo yonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto, akulakwitsa, akuima, akuseka. Ndi tsiku losangalatsa, koma ndi loopsanso, chifukwa liwiro lomwe aligwira mwangozi tsikulo limakonda kukakamira m'manja. Pa nyimbo yotchuka woimba amafika ali ndi zimbale makumi m'mutu mwake, ndipo ntchito yake ndi kuziiwala. Pa nyimbo yosadziwika m'mutu muli zii, ndipo kamvekedwe koyamba komwe kalowamo kamayamba kuoneka ngati ndiko koona.

Kenako imabwera ntchito yotopetsa ya kugwirizanitsa mawu. Amene anaonapo woimba kaligo adziwa kuti pa nsambo yokhudzidwa ndi uta palibe chomuuza munthu poika chala, koma khutu lake lokha. Vayolini, viyola ndi chelo zili chimodzimodzi, kungoti chilichonse chili ndi nsambo zinayi, ndipo anthu anayi ayenera kugwirizana pa malo omwe kusiyana kwake sikufika ndi pa kunenepa kwa chikhadabo. Amayamba ndi noti ya A, yomwe magulu ambiri amaiika pa kunjenjemera 440 pa sekondi kapena pamwamba pake pang'ono, n'kumanga zinazo kuchokera pamenepo. Kuti mawu atatu kapena anayi amveke oyera pamodzi, noti yapakati imayenera kutsika kapena kukwera pang'ono kusiyana ndi momwe piyano imaiperekera. Ndiye gululo limaima pa mawu amodzi, chelo pansi, ena n'kumalowa mmodzimmodzi, osagwedeza chala, mpaka kunjenjemera kwa mkangano pakati pa nsambo kutazimiririka. Akatero amapita pa mawu otsatira. Mu gawo loyamba la kwateti ya A minor, momwe Price amayendayenda m'makiyi ndi timasitepe tating'onoting'ono, ntchito imeneyi ndi yambiri, chifukwa noti yomwe inali yapakati mu bala ili imakhala tsinde mu bala lotsatira, ndipo chala chiyenera kusuntha ngakhale papepala noti sinasinthe.

Palinso nkhani ya uta. Uta ndi ndodo yomangidwa ubweya wa kumchira kwa hatchi, wopakidwa utomoni kuti ugwire nsambo. Ukamatsika kuchokera kudzanja mawu amayamba molemera, ukamakwera kuchokera kunsonga amayamba mopepuka n'kumakula. Choncho kusankha kuti chiganizo chiyambe ndi uta wotsika kapena wokwera ndi kusankha momwe chiganizocho chipumire. M'mabuku a Beethoven kapena Haydn, mibadwo ya oimba inasiyamo kale maganizo ake. M'mapepala atsopano mulibe kanthu, ndipo pensulo ndi chofufutira zimagwira ntchito mpaka pepala kuda.

Kwatetiyi ili ndi zigawo zinayi ndipo imatenga pafupifupi theka la ola. Gawo loyamba limatseguka ndi kachiganizo kakafupi kobwerezabwereza chapansipansi, kosakhazikika, ndipo nyimbo yeniyeni imamera pamwamba pake. Apa pali chigamulo choyamba chachikulu. Kobwerezabwerezako kakamveka kwambiri, nyimboyo imakhala ya nkhawa. Kakabisika, imakhala ya chisoni chofatsa. Zonse ziwiri zingatheke, ndipo pepala silikakamiza. Chinanso chomwe oimba amazindikira msanga n'chakuti Price, yemwe anali katswiri wa limba ndi piyano, amakonda kudzaza mawu apakati. Vayolini yachiwiri ndi viyola sizingoperekeza, zili ndi zonena zawo. Izi zimakometsa nyimbo, koma zimathanso kuitsamwitsa ngati anayiwo sagwirizana kuti pa mphindi iyi wolankhula ndani.

Ndipo tinene zoona: si tsamba lililonse la kwatetiyi lomwe lili lofanana mphamvu. Gawo lachiwiri, loyenda pang'onopang'ono ngati nyimbo yoimba pakamwa, limagwira mtima pakumva koyamba. Gawo loyamba lili ndi malo omwe ulusi umaoneka ngati ukutayika, ndipo oimba ayenera kuugwira okha posankha bwino liwiro ndi popumira. Mwina Price akanaimva ikuimbidwa kangapo akanadulako mabala ena, monga amachitira opeka onse omwe ali ndi mwayi womva ntchito yawo. Kunena zimenezi sikumunyoza. Amene anapempha kuti aweruzidwe pa ubwino wa ntchito yake sanapemphe kuti aziomberedwa m'manja momumvera chisoni. Gulu lomwe limaimba kwatetiyi ngati likugwira ntchito yachifundo limamveka, ndipo limamveka lozizira.

Gule wa m'gawo lachitatu

Pomwe opeka a ku Ulaya ankaika minuet kapena scherzo, Price ankakonda kuikapo juba. Anatero mu symphony yake yoyamba, mu yachitatu, ndiponso m'kwatetiyi. Juba anali gule wa akapolo a kummwera kwa America, yemwe ng'oma yake inali thupi la munthu: kuomba m'manja, kumenya ntchafu ndi chifuwa, kuponda pansi. Panali chifukwa chake. Akapolo ataukira ku Stono m'chigawo cha South Carolina mu 1739, lamulo la 1740 linawaletsa kukhala ndi ng'oma, poopa kuti aziitanirana nazo. Kagundidwe kanasamuka pachikopa cha ng'oma n'kupita pathupi.

Kwa anthu anayi ophunzitsidwa m'masukulu a nyimbo za ku Ulaya, gawo limeneli lili ndi maenje awiri. Loyamba ndi kuliimba mwaudongo wopitirira, noti iliyonse pamalo pake ndendende ngati wotchi, mpaka gule kutha, kutsala masamu. Lachiwiri ndi kulikokomeza, kukoka noti uku ndi uku, kutsetsereka pa nsambo paliponse, pofuna kuonetsa kuti akudziwa kuti ndi nyimbo ya anthu akuda. Dzenje lachiwirili ndi loipa kuposa loyamba, chifukwa likufanana ndi zisudzo zakale za ku America zomwe azungu ankadzipaka zakuda kumaso n'kumaseka magule omwewa. Price analemba juba mwaulemu, ngati gule woyenera kukhala m'nyumba imodzi ndi minuet.

Chomwe chimathandiza ndi kukumbukira kuti kagundidwe ka gule kamakhala pansi. Chelo ndi viyola zikagwira phazi mosagwedezeka, mavayolini amapeza ufulu wodumpha pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Liwiro nalonso ndi nkhani: papepala palembedwa kuti mofulumira, koma gule ali ndi malire omwe thupi la munthu limaika. Mukathamanga kuposa momwe munthu angapondere pansi n'kuomba m'manja, mwasiya juba, mwayamba kuonetsa ukatswiri wa zala. Mpata woonetsa zala ulipo kale m'gawo lachinayi, lomwe limathamanga mpaka kumapeto.

Dvořák uja ananena mu 1893, polankhula ndi nyuzipepala ya New York Herald, kuti tsogolo la nyimbo za America liyenera kumangidwa pa nyimbo za anthu akuda, zomwe ankazimva kwa wophunzira wina dzina lake Harry T. Burleigh. Chifukwa cha ichi anthu amafulumira kunena kuti Price anangotsatira Dvořák, ndipo oimba ena amamuimba ndi kamvekedwe ka ku Prague. Anaphunzirako zambiri kwa iye, zimenezo n'zosakanika. Koma Dvořák anamva nyimbozi ali mlendo wa zaka zoposa 50, pamene Price anabadwira m'dziko lake lenilenilo.

Nyali yofiira ikayaka

Gulu lanzeru silithamangira ku situdiyo. Limayamba laimba nyimboyo pamaso pa anthu kangapo, chifukwa omvera amaphunzitsa zomwe chipinda choyeserera sichingaphunzitse. Pomwe anthu ayamba kutsokomola ndi kusuntha pamipando, pamenepo ulusi watayika. Pomwe holo yonse yangoti phee, pamenepo pali kanthu koyenera kukasunga.

Nyimbo za mtundu uwu sizijambulidwa mmodzimmodzi monga zimakhalira ndi nyimbo zambiri za masiku ano, pomwe woimba gitala amabwera lero, woimba mawu mawa. Anayiwo amaimba limodzi, m'chipinda chimodzi, kawirikawiri m'holo kapena m'tchalitchi chomwe makoma ake amabweza mawu mokoma. Injiniya amaimika maikolofoni awiri akuluakulu patsogolo pawo kuti agwire kamvekedwe ka gulu lonse ndi ka chipindacho, nthawi zina n'kuonjezera ena pafupi ndi choimbira chilichonse. Maola oyamba amathera pa kusuntha mipando ndi maikolofoni. Akayandikitsa kwambiri, kumamveka kukhwekhwereza kwa ubweya pa nsambo ndi mpweya wa m'mphuno. Akatalikitsa, mawu apakati aja, omwe Price anawasamalira kwambiri, amasungunuka n'kukhala chifunga.

M'chipinda china mumakhala pulodyusa, mahedifoni kumutu, buku la mizere yonse inayi patsogolo, pensulo m'manja. Ulendo uliwonse womwe gulu laimba umapatsidwa nambala, ndipo iye amalemba pa bala lililonse kuti pa ulendo wakuti apa panali bwino, apa viyola inatsika, apa mpando unalira, apa kunja kunadutsa galimoto. Amayamba ndi kuimba gawo lonse kawiri kapena katatu, kenako n'kubwerera ku malo ovuta. Nsambo zimamasuka chipinda chikatentha, choncho amaima pafupipafupi kuti azikonze, apo ayi chidutswa cha m'mawa sichingalumikizane ndi cha madzulo. Pomaliza, zidutswa zabwino zimasokedwa pamodzi pakompyuta, ndipo chimbale chimodzi chingathe kukhala ndi misoko mazana yomwe khutu silingaipeze.

Pa nyimbo yotchuka pulodyusa amadziwa noti iliyonse pamtima. Pa nyimbo yosadziwika nayenso ndi mlendo, ndipo akamva mawu achilendo sangadziwe msanga ngati walakwitsa ndi woimba, mkonzi wa buku, kapena ngati ndi momwe mwini wake anafunira. Magulu osamala amabwera ndi zithunzi za zolemba zenizeni za wopekayo kuti aziyang'anamo pomwepo. Cholakwika chikalowa m'konsati chimatha ndi usiku womwewo. Chikalowa m'chimbale chimayamba kuphunzitsa ena.

Apa ndiye pagona kulemera kwa ntchitoyi. Chimbale choyamba kufala cha nyimbo yosadziwika chimasanduka muyezo, kaya ochijambula afuna kapena ayi. Wophunzira wa ku Seoul kapena ku Cape Town akafuna kudziwa ngati kwatetiyi ndi yoyenera nthawi yake, sayitanitsa buku. Amatsegula foni, n'kumvera mphindi ziwiri. Wokonza makonsati amachitanso chimodzimodzi. Ngati oimbawo anali otopa, kapena sanaikhulupirire nyimboyo, womverayo sanena kuti aimba moipa. Amanena kuti nyimboyo ndi yofooka, n'chifukwa chake inaiwalika. Beethoven akaimbidwa moipa mlandu umagwera oimba, koma Price akaimbidwa moipa mlandu umagwera Price.

Omwe anaisenza

Gulu lomwe linachita zambiri pofikitsa nyimbo za nsambo za Price m'makutu a anthu ndi Catalyst Quartet, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010 ndi Sphinx Organization, bungwe la ku Detroit lomwe Aaron Dworkin analiyambitsa pofuna kutsegulira njira oimba achikuda ndi achi Latino m'nyimbo zamtunduwu. Gululi linayamba ntchito yomwe linaitcha Uncovered, yojambula nyimbo za opeka achikuda zomwe zinali zitakwiririka. Chimbale choyamba, cha 2021, chinali cha Samuel Coleridge-Taylor, wobadwira ku London mu 1875, yemwe bambo ake anali a ku Sierra Leone. Chachiwiri, cha Price, chinatuluka mu 2022 pansi pa kampani ya Azica, oimba ake ali Karla Donehew Perez ndi Abi Fayette pa mavayolini, Paul Laraia pa viyola ndi Karlos Rodriguez pa chelo, pamodzi ndi Michelle Cann pa piyano m'nyimbo za anthu asanu. Chachitatu, cha 2023, chinasonkhanitsa Coleridge-Taylor Perkinson, George Walker ndi William Grant Still, yemwe nayenso anakulira ku Little Rock komweko.

Chomwe ndimachiyamikira pa chimbale cha Price si kuimba kokha, koma kuti sanatole kagawo kamodzi kokoma n'kukabisa pakati pa nyimbo zotchuka. Anaika pamodzi makwateti onse awiri, nyimbo za piyano ndi nsambo, ndi nyimbo zachikhalidwe zomwe Price anazilukira mizere inayi. Munthu akamva zonsezi motsatizana amayamba kuzindikira zizolowezi za wopekayo, momwe amatsekera chiganizo, makiyi omwe amathawirako. Kuzindikira kumeneko ndiko kumathandiza gulu lotsatira kugamula za noti yokayikitsa ija.

Ntchito yotere siibweza ndalama zake msanga. Miyezi yoyeserera palibe amailipira, holo ndi injiniya zimafuna ndalama, ndipo zomwe zimachokera ku kumvera kwa pa intaneti ndi tindalama tochepa. Chomwe chinathandiza Price n'chakuti zinthu zingapo zinafika nthawi imodzi. Er-Gene Kahng anajambula ma concerto a vayolini aja mu 2018. Buku la mbiri ya moyo wake, lomwe Rae Linda Brown analifufuza kwa zaka zambiri, linatuluka mu 2020, mwini wake atamwalira kale mu 2017. Chimbale cha Philadelphia Orchestra ndi Yannick Nézet-Séguin cha symphony yoyamba ndi yachitatu chinapata mphoto ya Grammy mu 2022. Dzina likayamba kudziwika chonchi, wokonza konsati saopanso kuliika papulogalamu. Opeka ena ambiri omwe mapepala awo ali m'malaibulale alibe mphepo yotere kumbuyo kwawo.

Magulu ena ayamba kuijambula kwateti ya A minor. Ragazze Quartet ya ku Netherlands inatulutsa chimbale chake mu 2024, ndipo ophunzira m'masukulu a nyimbo akuiimba pamayeso. Kwa ine ichi n'chofunika kuposa mphoto, chifukwa gulu lachiwiri ndi lachitatu likasankha liwiro lina, n'kutulutsa mzere wa viyola pomwe oyamba anaubisa, womvera amayamba kusiyanitsa chomwe ndi cha Price ndi chomwe chinali cha oimba. Amene ali ndi intaneti yokwanira ayese kumvera mphindi yoyamba ya juba m'zimbale ziwiri motsatizana, aone yekha kuti mapepala amodzimodzi angabale magule awiri.

Mafunso ena sadzatha ngakhale zimbale zichuluke bwanji. Kwateti yoyamba ya Price, ya m'kiyi ya G major, ya 1929, ili ndi zigawo ziwiri zokha, loyamba lofulumira ndi lachiwiri lodekha, pomwe mwambo wa nyimbo zotere umafuna zinayi. Ambiri amaitenga kuti ndi yosamaliza. Gulu lililonse loiika papulogalamu liyenera kusankha lokha: kuimba zigawo ziwirizo n'kutsikira pa gawo lodekha, kapena kutenga lachiwiri lokha, lomwe magulu ambiri amaliimba palokha ndipo lakonzedwanso kuti liziimbidwa ndi gulu lalikulu la nsambo. A Catalyst anaijambula momwe anaipezera, zigawo ziwiri.